Mphwanga Atakana America

Mlongo wanga ali ndi mwana mmodzi yekha, mnyamata, ndipo ine ndine malume ake. Kwathu mawu amenewa ndi olemera. Bambo amangobereka, koma mwini mbumba ndi malume. Ndiye amanena kumene mwana akaphunzire, kumene akakwatire, ngakhale manda amene akagone akadzatsamira mkono. Udindo umenewu ndinakwera nawo ndege pobwera ku Dublin, ndipo sindinaone chifukwa choutulira pabwalo la ndege.

Ndinabwera kuno ndi sikolashipu kudzaphunzira za nthaka. Nditakhazikika ndinathamangathamanga mpaka mlongo wangayo, amene mwamuna wake anali atalowera ku Joni osatumizako ngakhale moni, anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Clondalkin. Anafika ndi mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo yotuwa, mamina pamphuno. Pasanathe chaka Chichewa chinamuthawa pakamwa. Kumva ankamva chilichonse, ngakhale miseche, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi cha kuno, chothamanga, chomeza mawu.

Kenako chuma cha dziko lino chinagwa chagada, ndipo chinagwa m'chaka chomwecho chimene ine ndinamaliza maphunziro a udokotala wa nthaka. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka ndinaloweza mawu amene amakanira anthu. Mapeto ake ndinavala jekete yachikasu n'kuyamba ulonda pamalo ena pamene anamanga nyumba zambirimbiri n'kuzisiya zopanda mazenera. Ndinkalondera nyumba zopanda anthu kuti anthu opanda nyumba asalowemo. Kutchalitchi ankanditchabe Adokotala, ndipo kumudzi ankadziwa kuti ndimaphunzitsa pa yunivesite. Sindinawanamize ayi, ndinangosiya kuwakonza.

Eni dziko enieniwo ankathawa. Mlonda mnzanga anaperekeza ana ake awiri ku bwalo la ndege m'mwezi umodzi, wina wa ku Australia, wina wa ku Canada. Nyumba iliyonse mumsewu wa mlongo wanga inali ndi chipinda chotseka. Ine ndinkaona zimenezi n'kumati m'mtima: ngati eni khola akudumpha mpanda, nanga ife obwera tikudikira chiyani?

Za mpira wa mphwangayu, mwana wa mlongo wanga uja, sindinkazilabadira. Ankasewera mu timu ya achinyamata ku Tallaght, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ndi matope mpaka m'makutu. Ndinkamuuza kuti mpira sudyetsa munthu, agwire mabuku. Ndinapitako kamodzi kokha, mayi ake atachita kundichonderera. Ankasewera chakumanja, kutsogolo, ndipo ndivomereze, mwana uja ankauluka. Ankachenga anzake osayang'ana mpira. Koma chimene ndinabwera nacho kunyumba tsiku limenelo si zigoli zake. Bambo wina wa timu inayo, wamimba yotsogola, ankalira ngati nyani nthawi iliyonse mphwanga akagwira mpira, anzake n'kumaseka. Mphwanga ankangochita ngati sakumva. Ine ndinasunga.

M'chaka chake chomaliza cha sekondale kunabwera munthu wa kamera amene ankajambula anyamata n'kutumiza zithunzizo kunja. Patapita miyezi ingapo makalata awiri anafika. Yoyamba inachokera ku koleji ina ya ku America: abwere adzasewere mpira, aphunzire ulere, agone ulere, adye ulere, zaka zinayi. Yachiwiri inachokera ku koleji ina ya konkuno ku Dublin, yaing'ono, yoti munthu amangokwera Luas, kasitima ka mumzinda, n'kutsika. Nawonso ankamufuna mu timu yawo, ndipo ankati aziphunzira zosamalira matupi a osewera.

Kalata yachiwiriyo ndinangoiwerenga mzere woyamba n'kuiika pansi pa mbale. Yoyambayo ndinaiwerenga katatu, kachitatuko mokweza. Mwadzidzidzi mpira unasanduka chinthu chanzeru, ndipo ine ndinasanduka munthu amene anauona kale mwayi wa mwanayo. Tsiku lomwelo ndinaimba mafoni kumudzi. Lamlungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kupereka umboni kuti Mulungu watsekulira mbumba yanga khomo la ku America. Amayi analulutira. Kwa nthawi yoyamba chivalireni jekete yachikasu ija, ndinayenda m'kati mwa anthu khosi lili chilili.

Mwanayo sindinamufunse. Musandiyang'ane choncho, ine ndani anandifunsa popita ku sekondale yogonera komweko? Amalume anga anangoti nyamula sutikesi, ine n'kunyamula. Ndinabwereka holo ku Crumlin, ndinasankha tsiku la phwando lotsanzikana, amayi a kutchalitchi anagawana zophika. Mphwanga ankangokhala chete, ndipo ine chete ameneyo ndinkamutcha ulemu.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkakadya kwa mlongo wanga. Ankagwada pondipatsa madzi osamba m'manja, ngakhale mpopi unali pomwepo m'khitchini, chifukwa ndi mmene mayi athu anatilerera. Lamlungu lina, kutatsala masabata atatu kuti phwando lichitike, ndili pampando wanga ndikudikira chakudya, belu la pakhomo linalira. Mphwanga anathamanga kukatsekula. Analowa ndi mzungu wamfupi, wofiira nkhope, wovala buluku lamasewera. Anali kochi wa timu yake, pulambala amene ntchito yake inatha pamene zomangamanga zinaima.

Anandipatsa moni ndi dzanja limodzi, n'kunditchula dzina langa loyamba, lija amanditchula mayi anga okha. Asanauzidwe kuti khalani, anakhala pamkono wa sofa. Pathebulo panali mandasi, anatolapo limodzi. Kapusi yake anali ataivula, ankaipotokola m'manja.

Anati mnyamatayu wamupempha kuti adzalankhule nane. Anati mnyamatayu sakufuna kupita ku America, wasankha koleji ya konkuno. Kochi wa ku kolejiyo amamudziwa kuyambira ali wamng'ono, matimu akuluakulu a m'dziko muno amapita kukaonerera masewero awo, ndipo maphunziro ake ndi amene mwanayo akuwafuna. Anawonjezera kuti mnyamatayu sakufuna kusiya mayi ake okha, makamaka nthawi ino pamene, anatero akundiyang'ana mwachifundo, zinthu zativuta tonse. Chifundo chimenecho ndi chimene chinandiwotcha. Ndiye kuti pulambala uyu ankadziwa za jekete yanga yachikasu.

Ndinatembenukira kwa mphwanga, amene anali atanjuta pafupi ndi chitseko.

"Iwe, munthu uyu wamutuma ndani?"

"Mam said you don't tell your uncle yourself," anatero, maso ali pansi. "You send an elder."

Mlongo wanga anatuluka m'khitchini manja ali ndi thovu la sopo. "Achimwene, zoona ndinamuuza kuti nkhani yaikulu mwana sauza malume ake pamaso, amatuma wamkulu. Koma ine ndimanena a elder a kutchalitchi, abambo a ku Chipata aja. Sindinadziwe kuti atenga a coach."

"Ndiye iwe chemwali nkhaniyi umaidziwa?"

"Anandiuza last month, achimwene. Ndimaopa."

Mphwanga anadzutsa mutu pang'ono n'kunena m'Chingerezi kuti wamkulu amene amamudziwa ndi ameneyu. Anati abambo a kutchalitchi aja sanamuonepo akusewera ngakhale kamodzi. Kenako ananena mawu amene ndinawasunga ngati chikwanje: anati kuno ndi kwawo, sakuona chifukwa chochokera kwawo.

Lero ndikamaganiza ndimaona zimene tsiku lija sindinafune kuona. Mwana uja akanatha kungosaina mapepala ake n'kunditumizira uthenga pafoni, monga amachitira ana a kuno. M'malo mwake anafunsa mayi ake mmene zimakhalira kwathu, n'kuyesa kutsata. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi iye anauza kochi uja ali panja kuti avule kapusi. Mwambo anaugwira, kungoti anaugwira kumchira. Koma ine ndinkangoona chinthu chimodzi: nkhani ya m'nyumba yatuluka, ndipo mzungu wakhala pamkono wa sofa kundiuza za mbumba yanga akutafuna mandasi a mlongo wanga.

Ndinathokoza kochiyo m'Chingerezi changa cha ku yunivesite, chija chosalala, n'kumuuza kuti tikambirana monga banja. Anatuluka akumwetulira. Chakudya sindinadye.

Sabata imeneyo mlongo wanga anandiimbira foni kangapo.

"Achimwene, ti-cancele party ija. Tingowauza anthu kuti plan yasintha."

"Ndikawauze chiyani? Kuti umboni uja ndinanama?"

"Koma mwana wasaina kale ma form a college ya kuno."

Ndi pafoni pomwepo pamene ndinapangana ndi satana, ndipo sindinganene kuti anandikakamiza. Ndinafewetsa mawu n'kuti, "Chabwino. Umuuze kuti amalume amvetsa. Party ichitika, koma ikhala yomuyamikira kuti wamaliza sukulu. Anthu ndiwauza ndekha. Avale suti."

Anandithokoza mpaka kulira. Ine sindinauze munthu aliyense.

Tsikulo linali Loweruka masana. Holo inadzaza, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia amene timapemphera nawo. Panali mpunga, nkhuku, zitumbuwa, ngakhale thobwa limene mayi wina anachita kulifulula m'chidebe cha penti chotsuka bwino. Mphwanga anafika ndi suti yobwereka, manja ake atatuluka kutalika. Atandiona anabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri, nkhope ili ngwee, n'kunena kuti zikomo amalume. Ndinamusisita paphewa. Keke inali pakona, yovindikira, ndipo pamwamba pake panali mbendera ya ku America imene ndinachita kuitanitsa ndekha.

Itakwana nthawi ya malangizo, amayi anayala chitenje pakati pa holo, mphwanga n'kugwadapo monga amachitira munthu wopita kutali. Woyamba kulankhula anali mkulu wa mpingo uja wa ku Chipata.

"Mwana wanga," anatero, "manje wakula. Uko ku America kuli vinthu vambiri, va bwino na voipa. Ukafike, upeze church. Usakaiwale amai ako."

Ndinaona msana wa mphwanga ukuuma. Anatembenuza mutu kufunafuna mayi ake. Mlongo wanga anali ataimirira pafupi ndi mapoto, chipande chili m'manja, akundiyang'ana ine. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, kundipempha ndi maso. Mayi wina analangizanso za akazi a ku America. Wina anayambitsa nyimbo ya ulendo. Kenako anandipatsa maikolofoni.

Ndinayamba bwinobwino, kuthokoza onse pobwera. Ndiye ndinati:

"Abale, ndikupepeseni. Mwaphika pachabe, mwavala pachabe. Mnyamata mukumuonayu sakupita ku America. Wakana. Full scholarship, four years, wakana. Wasankha college ya pa Luas, yoti akamva njala pa break azithamangira kunyumba kukayamwa."

Ena anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ine kusekako kunandipatsa mphamvu.

"Ndipo pokana sanabwere kwa ine, sanapite kwa a elder. Anakatenga mzungu, plumber wopanda ntchito, kudzakhala pa sofa kundiuza ine za mwana wa mlongo wanga. Akuti kwawo n'kuno. Kuno! Ine ndinapita ku ground, ndinamva ndi makutu angawa abale akewo akumulirira ngati nyani. Iye n'kumathamangabe, kuwasangalatsa. Ndiye kwawo kumeneko."

Apa panalibe woseka. Mwana wina wakhanda analira, mayi ake n'kumutulutsa. Mkulu wa mpingo anandigwira pachigongono, akuti Adokotala, Adokotala, koma ine ndinali nditatsetsereka kale.

"Ndiye pamaso panu nonse ndikunena kuti kuyambira lero ine si malume ake. Malume ake ndi plumber. Akadzafuna kukwatira, akatenge plumber. Akadzadwala, plumber. Ine ndasamba m'manja. Chakudya chilipo, idyani, chisawonongeke."

Ndinaika maikolofoni pathebulo. Chimene chimandibwerera mpaka lero si mawu angawo ayi, koma kuti mwana uja sanadzuke. Anaphunzitsidwa kuti ukagwada pa malangizo sudzuka wekha, umadikira akulu akudzutse. Ndiye anagwadabe pachitenje paja, pakati pa holo, suti yobwereka ikunjenjemera m'mapewa, anthu akuyang'ana m'mbale zawo. Zinatenga nthawi. Mapeto ake mayi wina wa ku Zambia, amene sankatidziwa n'komwe bwino, anapita kukamugwira mkono n'kumutulutsa panja. Ine ndinatenga mbale n'kudziikira ntchafu ya nkhuku, ndipo ndinaimaliza.

Mphwanga anayamba koleji yake ija chilimwe cha kuno chitatha. Kwa mlongo wanga ndinkapitabe Lamlungu, chifukwa kusiya kukanakhala ngati ndikuvomera kulakwa. Iye ankagwadabe ndi madzi osamba m'manja, koma nkhani zinatha, tinkangomva supuni. Mphwanga ankatuluka ine ndisanafike. Ndinkangoona jombo zake za mpira ataziyanika pa chotenthetsera m'nyumba, atazitsendera nyuzipepala kuti ziume.

Kumudzi ndinawauza kuti a ku America anavuta ndi mapepala. Kutchalitchi kunalibe chowauza. Anyamata ankandiuza dala, ndikudutsa, kuti mphwanu uja Lachitatu wamwetsa ziwiri, mphwanu uja akuti timu ina yaikulu ikumuyang'ana. Chigoli chake chilichonse chinkandilowa ngati minga. Mwana akamakana mawu a akulu amayenera kugwa, ndi mmene ndinaleredwera, ndipo uyu sankagwa. Ndinkakhala m'kanyumba kanga ka ulonda, mvula ikugogoda malata, n'kumaganiza kuti ngati iye akhoza ndiye kuti ine ndine chitsiru pamaso pa Dublin yense. Ndinene mosapsatira mawu: ndinkafuna alephere.

Loweruka lina, nyengo yozizira itayamba, ndinamva kuti akusewera pafupi, ku Tallaght komweko. Ndinapita. Sindinapite kukamuchemerera. Ndinaima kumapeto kwa mpanda, chipewa nditatsitsa, pamene kunalibe ondidziwa. Kunkawaza kamvula kaja kosatha. Anthu anali ochepa, makolo, atsikana, ndi agalu awo. Kochi wake wakale, pulambala uja, analiponso, atangobwera kudzaonerera mwana wake wa mpira.

Anasewera bwino, ndipo zinandinyansa. Anali atakula m'chifuwa. Chigawo choyamba anadutsa anthu awiri n'kuperekera mnzake mpira pamphumi penipeni, chigoli. Anzake anamuunjirira, azungu okhaokha, akumupsompsona m'mutu. Iye ankaseka kuseka kumene kunyumba sindinakuonepo.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anathamangira mpira kumbali kumene ndinaima. Wotchinga kumbuyo wa timu inayo, mnyamata wamtali, anatsetsereka paudzu wonyowa miyendo yonse iwiri ili kutsogolo. Sindikhulupirira kuti anachita dala. Ndinamva phokoso ngati munthu wathyola nzimbe pabondo. Mphwanga anagwa, anayesa kudzuka, n'kuona mwendo wake. Pansi pa bondo unali utapindika pamene mwendo supindika. Kukuwa kwake kunaimitsa masewero a ana pabwalo loyandikana nalo. Mnyamata wamtali uja anagwira mutu n'kuyamba kusanza.

Ndiyenera kulemba chimene ndinamva mumtima nthawi imeneyo, apo ayi zonsezi ndalembera chabe. Ndinamva kupepuka. Kenako chisoni chinabwera, inde, ndi magazi anga, koma chinapeza kupepukako kutakhala kale pampando.

Anamufunditsa majekete podikira ambulansi. Itafika anamuika pamachila, ndipo njira yopita kugalimotoyo inkadutsa pomwe ndinaima. Ndinadumpha mpanda. Munthu wina anatambasula dzanja kunditchinga, ine n'kumuuza m'Chingerezi kuti ndine malume ake. Anandipatsa njira msangamsanga. Onyamula machila anaima.

Nkhope yake inali yotuwa. Atandiona maso ake anasintha. Anakhalanso kamwana kaja kamamina kamene ndinakalandira pabwalo la ndege. Anatulutsa dzanja pansi pa bulangete n'kunditambasulira.

"Amalume," anatero. "Amalume, it hurts."

Ndinaligwira dzanjalo. Linali lozizira, lamatope, ndipo anandifinya mwamphamvu. Ndinawerama mpaka pakhutu pake. Ndinamwetulira, kuti oimirira aone malume akutonthoza mwana, ndipo ndinalankhula m'Chichewa, motsitsa, mofatsa, kuti amve iye yekha.

"Suja unkati kwanu n'kuno? Lira tsopano, abale akowa akumve. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Anamva mawu aliwonse. Ndinaona akulowa, limodzi limodzi. Zala zake zinamasuka m'dzanja langa. Sanalire, sanatukwane, anangotembenuzira nkhope kumbali inayo. Onyamula machila anapitiriza. Pulambala uja, maso ali ofiira, anandimenya paphewa n'kunena kuti ndachita bwino kubwera, mwana amafuna wake pa nthawi ngati iyi. Anandifunsa ngati ndikwere nawo ambulansi. Ndinati ayi, akwere iyeyo, ine ndikadziwitse mayi ake.

Mafupa onse awiri anathyoka. Anamuchita opaleshoni n'kumuika zitsulo, ndipo madokotala anati kuyenda adzayenda, koma za mpira tisafunse kaye. Izi sindinazimve kwa mlongo wanga. Ndinamuimbira kamodzi kumuuza za ngoziyo, ndipo pambuyo pake foni yake inkangoitana. Ndinazimva kwa mkulu wa mpingo. Ndinaganiza kuti chemwali watanganidwa, m'chipatala salola mafoni.

Tsiku lachitatu ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito, ndikazonde wodwala. Munthu sapita kuchipatala chimanjamanja, choncho ndinaphika mpunga ndi nyama ndekha, ndinagula malalanje, ndinavala jekete ya kutchalitchi. Mu Luas ndinkakonza zokalankhula. Ndinali nditaganiza zomukhululukira. Ndinkaona m'maganizo mwanga akupepesa, ine n'kunena kuti zapita, mwana salakwira kholo mpaka kalekale, tione za kutsogolo. Ndinkadziona ndine munthu wamtima waukulu.

Pakhomo la wodi panali nesi wachikulire, wa magalasi olendewera pachifuwa. Ndinatchula dzina la wodwala. Anati mnyamatayo wangochotsedwa kumene kuchipinda cha odwala kwambiri, ndipo pakadali pano akulola achibale okha. Ndinati ndine malume ake, mchimwene wa mayi ake. Anati ndidikire pomwepo akafunse.

Bedi lake linali lachiwiri kuchokera pakhomo, nsalu yotchinga ili yotsekula, moti ndinkaona zonse. Mwendo unali pamwamba pa mapilo. Mlongo wanga anali pampando pambali pake, atavala yunifolomu yake ya kuntchito, akumupukuta pamphumi ndi kansalu. Nesi anawerama n'kuloza kwa ine. Mphwanga anatembenuza mutu, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, modekha, monga munthu amayang'anira wogulitsa zinthu pakhomo. Mawu ake anamveka bwino mpaka pamene ndinaima.

"No. He's just a man from my mam's church."

Sindinadandaule kwenikweni. Mumtima ndinati ndi mankhwala, ndi ukali wa mwana, mayi ake akonza. Nesi naye anaoneka wokayika, chifukwa ine ndi mlongo wanga nkhope ndi imodzi, aliyense amaona. Anatembenukira kwa iye. Ine ndinakweza kathumba ka malalanje pang'ono kuti chemwali aone, n'kuyamba kusuntha phazi kuti ndilowe.

Mlongo wanga anapinda kansalu kaja kawiri, n'kukaika pathebulo. Anandiyang'ana m'maso mopanda mantha, chinthu chimene chibadwire sanachitepo. Kenako anayang'ana nesi.

"Yes," anatero. "From church."

Nesi anabwerera pakhomo akumwetulira mwaulemu. Anati ndi zabwino kuti a mpingo amakumbukira odwala awo, koma ndibwere tsiku lina mnyamatayo akapezako mphamvu, ndipo ndiyambe ndafunsa kwa abale ake. Anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso.